Maloboti a LED ndi ngozi ya ku Oswego: ntchito zimene babu lakale linkagwira popanda wozilemba

Mu Epulo 2009, m'tauni ya Oswego ku Illinois, chakumadzulo kwa mzinda wa Chicago, mayi wina wa zaka 34 anafika pamphambano ya maloboti kunja kukuwomba mphepo ya sinowo. Kumbali yake maloboti anali atatsegula, ndipo anawaona bwinobwino, choncho anayamba kukhotera kumanzere. Ku America amayenda kumanja kwa msewu, ndiye kukhotera kumanzere kumeneko kuli ngati kukhotera kumanja kwathu kuno: umadula njira ya magalimoto ochokera kutsogolo kwako, ndipo chimene chikukuteteza ndi getsi lofiira limene likuyang'ana iwowo. Getsi lofiiralo linkayaka ndithu. Koma dalaivala wa pikiapu imene inkachokera mbali inayo sanalione, chifukwa galasi lake linali litamatidwa ndi sinowo. Anadutsa osaima, n'kuwomba galimoto ya mayiyo. Mayiyo anamwalira, ndipo anthu ena anayi anavulala.

Kwa ife amisiri a maloboti, chowawa pa nkhaniyi n'chakuti panalibe chimene chinawonongeka. Munthu akanatsegula bokosi la kontirola, makina amene amayatsa ndi kuzimitsa magetsi a maloboti, tsiku limenelo n'kuyeza ndi mita, akanapeza zonse zili m'malo: magetsi akufika, nthawi zikusinthana mmene zinakonzedwera, kamakina kolondera zolakwika kali phee. Zipangizo zonse zinkagwira ntchito, koma uthenga sunkafika kwa dalaivala.

Ine ndimaika ndi kukonza maloboti kuno kum'mwera kwa Africa, kumene sinowo timangomuonera pa TV. Nkhani ya ku Oswego ndinaifukula titapatsidwa ntchito yochotsa mababu akale pamphambano zingapo n'kuikapo a LED, magetsi amakono opanda waya wotentha amene amadya mphamvu yochepa, ndipo mmodzi wa akuluakulu anandifunsa ngati kusinthaku kudzachepetsa ngozi. Ndinayankha mofulumira kuti inde. Lipoti lino ndi yankho limene ndikanapereka ndikanayamba ndaganiza kaye.

Mmene mababu a LED analowera pamsewu

Getsi lofiira la LED ndi lakalekale, linapangidwa mu 1962 ndi Nick Holonyak. Koma lobiriwira lowala mokwanira kuti lioneke masana dzuwa likuswa mtengo linachedwa, mpaka pamene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura anapambana kupanga LED yabuluu yowala chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2014. N'chifukwa chake mizinda imene inayamba msanga inkasintha lofiira lokha, n'kusiya lachikasu ndi lobiriwira pa mababu akale. Zinali zomveka ngakhale pa nkhani ya ndalama, poti lofiira ndi limene limayaka nthawi yaitali kuposa ena onse.

Chimene chinakoka makhonsolo ndi bilu ya magetsi. Babu lakale la pa galasi lalikulu la mamilimita 300 linkadya mawati 135 mpaka 150. Chimbale cha LED, getsi lozungulira limene limalowa m'malo mwa babu ndi galasi lake, cha kukula komweko chimadya mawati pakati pa 10 ndi 20, ndipo zambiri za masiku ano zimatsikanso pamenepo. Babu lakale linkapangidwa kuti likhale maola pafupifupi 8,000, pomwe chaka chili ndi maola 8,760, choncho ankalisintha chaka ndi chaka kapena pakatha chaka ndi theka. Chimbale cha LED chimatha zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, nthawi zina khumi. Vuto la magetsi la ku California la mu 2000 ndi 2001, pamene ankazimitsa magetsi mosinthanasinthana ngati mmene timachitira kuno, linachititsa mizinda yambiri kumeneko kuthamangira LED. Kenako lamulo la dziko lonse, Energy Policy Act ya 2005, linaika malire a mphamvu imene getsi la loboti lopangidwa kuyambira pa 1 Januwale 2006 lingadye, malire amene babu la waya wotentha silikanawakwanitsa. Pofika 2009 boma la Wisconsin linkanena kuti likupulumutsa madola pafupifupi 750,000 pachaka pa magetsi a maloboti.

Palibe mmisiri wanzeru amene angafune kubwerera ku mababu akale, ndipo inenso sindikufuna. Nkhani ili pa zimene zinachoka limodzi ndi babulo popanda wozindikira.

Kutentha kumene tinkakuyesa kuwononga

Babu lakale kwenikweni ndi mbaula yaing'ono imene imatulutsako kuwala pang'ono. Mphamvu yoposa magawo 90 pa 100 alionse imasanduka kutentha, ndipo kumbuyo kwa babulo kunkakhala mbale yonyezimira yokankhira kuwala kutsogolo, imene inkakankhiranso kutenthako pagalasi. Amene anagwirapo galasi la getsi lofiira litayaka kwa nthawi amadziwa kufunda kwake. M'mabuku a akatswiri a mphamvu za magetsi, kutentha kumeneku kunkalembedwa kuti ndi ndalama zotayika. Ku Illinois, Wisconsin, Minnesota ndi Iowa kunali kukugwira ntchito nyengo yozizira iliyonse: sinowo akagwera pagalasi ankasungunuka n'kuyenderera pansi. Panalibe amene anaitanitsa ntchito imeneyi, panalibe amene anailemba pa pepala la zofunika pogula zipangizo, ndiye itasiya kuchitika panalibenso amene anaona kuti yasowa.

LED nayo imatentha, koma pang'ono, ndipo kutentha kwake kumatulukira kumbuyo kumene kuli timagetsi take, osati pagalasi. Galasilo limakhala lozizira ngati mpweya wa panja.

Sikuti sinowo aliyense amatseka maloboti, ndipo apa m'pamene vutoli linabisala. Kukazizira kwambiri sinowo amakhala wouma ngati ufa, amangouluzika osamata. Woopsa ndi wonyowa, wa nthawi imene kuzizira kuli pafupi ndi madigiri 0, amene amamata ngati phala la chinangwa. Pamafunikanso mphepo yamphamvu yowomba molunjika kumaso kwa lobotiyo. Chipewa chimene timaika pamwamba pa galasi kuti chitchinge dzuwa chimasanduka chikho: mphepo imalongedza sinowo m'katimo mpaka kudzaza. Zinthu zitatuzi, kunyowa, kuzizira koyenera ndi mbali ya mphepo, zimakumana masiku owerengeka pachaka, mwina chaka china osakumana n'komwe. Mzinda ukhoza kukhala ndi LED zaka zingapo osaona kanthu.

Taonaninso mmene mphepo imakondera. Imatseka maloboti a mbali imodzi yokha, oyang'anizana nayo, n'kusiya a mbali zina ali mbee. Magetsi akazima pamphambano yonse, aliyense amaona kuti zinthu sizili bwino, ndipo onse amayenda mokayika, phazi lili pa buleki. Lamulo la ku Illinois, ngati la ku South Africa, limati maloboti akafa mphambanoyo muitenge ngati pali chikwangwani choimitsa mbali zonse. Koma ku Oswego mbali imodzi inali ndi getsi lobiriwira looneka bwino, limene linkauza mayi uja kuti njira ndi yake, pomwe mbali inayo inalibe uthenga uliwonse. Wina akuyenda ndi chikhulupiriro chonse, wina sakuona chomuletsa. Mwa zolakwika zonse za maloboti, ichi ndi chimene timachiopa kwambiri, ndipo kontirola yonse inapangidwa kuti chisachitike. Chinachitikira panja pa mawaya, pamene kontirola siona.

Dalaivala wa pikiapu uja anali ndi mbali yake, poti loboti yosaoneka imafuna kuti uime. Koma mmisiri sangabisale kumbuyo kwa lamulo limeneli. Munthu amene wadutsa maloboti asanu ooneka bwino, mphepo ikumuwomba pagalasi la galimoto, sayembekezera kuti achisanu ndi chimodzi akhala akuda, ndipo mutu wa loboti, bokosi lija la magetsi atatu, wokutidwa ndi sinowo woyera kumwamba kuli koyera umasowa m'maso.

Nkhaniyi inamveka dziko lonse la America mu Disembala 2009, mphepo zina za sinowo zitatseka maloboti m'mizinda ingapo ya m'chigawo chomwecho. Njira yoyamba imene anaipeza inali yamanja: kutumiza anthu ndi maburashi a mpini wautali. Ku St. Paul, Minnesota, ankapemerera sinowoyo ndi mpweya wa kompuresa. Pambuyo pake kunabwera zipewa zokhala ndi mpata pamwamba kuti mphepo idutse n'kusesa galasi, zivundikiro zoonekera zosongoka kutsogolo kuti sinowo asapeze pokhala, komanso zimbale zokhala ndi waya wotenthetsa galasi umene umayaka wokha kukazizira. Chomalizachi chimandiseketsa pang'ono: kutentha kumene tinakuthamangitsa tikukugulanso, koma tsopano kumayaka masiku ochepa okha amene kukufunika, ndiye phindu la LED limatsalabe.

Loboti yoyaka pawiri

Nditawerenga zonsezi ndinadzifunsa kuti, poti ife sinowo tilibe, ndi ntchito zina ziti zimene babu lakale linkatigwirira mwakachetechete? Yoyamba sindinachite kuifufuza, inadzandipeza yokha.

Patatha masabata angapo titasintha mphambano yathu yoyamba, ndili pa makwerero kumangitsa chipewa chimene chinkagwedera, minibasi inaima pafupi ndipo dalaivala anatulutsa mutu pawindo.

"Achimwene, loboti yanuyi usiku imayaka pawiri. Tiziyendera iti?"

Ndinamuyankha kuti sizingatheke, chifukwa m'bokosi muli kamakina kamene kakaona lofiira ndi lobiriwira akuyakira pamodzi mosayenera kamazimitsa zonse n'kuika maloboti pophethira. Iye anangoti, "Mubwere usiku mudzaone nokha, bwana," n'kunyamuka.

Ndinapitadi cha m'ma 9 koloko. Ndinaima patali mamita ngati makumi asanu, pamene dalaivala amayambira kuganiza zoima. Lofiira linkawala bwino. Pansi pake lobiriwira, limene linayenera kukhala lakuda bii, linkaoneka mbuu ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Masana silikanaoneka. Usiku, kwa munthu wothamangira pasinjala, kuwala kochepako kunali kokwanira kuti adzinamize.

Chifukwa chake n'chodziwika bwino pa ntchito yathuyi, kungoti ndinali ndisanachione ndi maso. Maswitchi a m'kontirola, amene timawatcha ma load switch, si a chitsulo chogundana ngati a m'nyumba. Ngakhale akazima amadonthetsabe karenti yochepa kwambiri. Waya wa m'babu lakale unkameza kadontho kameneko osafiira n'komwe. Chimbale cha LED chimafuna mphamvu yochepa kwambiri moti kadontho komweko kakhoza kuchiyatsa pang'ono, makamaka ngati ndi chimbale chotchipa chopanda kachipangizo kokana kuyaka mavoti akachepa. Mawaya aatali oyenda limodzi pansi pa msewu amapatsirananso mphamvu pang'ono, n'kuwonjezera vutolo. Kamakina kolondera sikanaone chilichonse, chifukwa mavoti ake anali pansi pa mlingo umene kamauyesa "kuyaka".

Mankhwala a msanga ndi kuika resistor, kachipangizo kodya karenti, pambali pa chimbalecho kuti imwe kadonthoko. Tinatero usiku womwewo, ndipo lobiriwira linada. Koma mankhwalawa ali ndi poizoni wake. Makontirola ambiri amadziwa kuti getsi lofiira lapsa poyeza karenti imene ikupita kumeneko: babu la mawati 135 likafa, kutsika kwake n'koonekeratu. Pa LED kusiyana kwake n'kochepa kale, ndiye ukawonjezapo resistor imene ikudya karenti nthawi zonse, kontirola ikhoza kumakhulupirira kuti lofiira lili moyo pamene linafa kalekale. Tinachotsa vuto looneka n'kutsala pang'ono kubzala losaoneka. Mapeto ake tinabweza zimbale za mtundu umenewo kwa wogulitsa n'kuitanitsa zogwirizana ndi kontirola yathu, kenako n'kuiphunzitsanso kontirolayo milingo yatsopano. Poyesa, tinkazula chimbale chofiira chimodzichimodzi n'kudikira kuti tione ngati bokosi lizindikira. Pawiri silinazindikire mpaka titakonzanso milingo.

Ntchito yachiwiri ya babu lakale inali kufa poyera. Waya ukaduka, getsi lazima, basi; wapolisi, dalaivala, ngakhale mwana wasukulu amaona, ndipo foni imalira ku ofesi. LED kawirikawiri siifa choncho. Imafooka pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ndipo anthu odutsapo tsiku lililonse amazolowera kufookako osadziwa. Zimbale zakale za timadontho tambirimbiri zimafa mizeremizere, n'kutsala zooneka ngati chimanga chodyedwa ndi mbalame. Usiku chimbale chotere chimaonekabe bwino ndithu. Masana a mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, chimasowa. Kutentha kumawonjezera: LED yofiira ndi yachikasu zimataya kuwala kukatentha, yachikasu koposa, ndipo mutu wa loboti wakuda woima padzuwa tsiku lonse umatentha kuposa mpweya wa panja. Choncho chimbale chimafooka kwambiri pa ola lomwelo limene chikufunika kuwala kwambiri. Bungwe la akatswiri a zamisewu la Institute of Transportation Engineers linaika mu 2005 milingo ya kuwala imene chimbale chiyenera kusunga, ndipo opanga ambiri amalonjeza zaka zisanu. Koma lonjezo la papepala silikwera polo kukayeza.

Yachitatu ndi imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kwa ife. Babu lakale, pokhala losachedwa kupsa, linkaitana mmisiri pa mutu uliwonse chaka chilichonse. Akakwera kukasintha babu ankapukutanso galasi, kuona ngati mutu wapotoka ndi mphepo kapena kugundidwa ndi lole, kuchotsa chisa cha mavu m'chipewa, kumangitsa mabawuti, n'kuona nthambi imene yayamba kutchinga. Zonsezi sizinkalembedwa ngati ntchito pazokha, zinkangobwera ndi ulendo wa babu. LED ikabwera, wowerengera ndalama amaona kuti maulendo a mababu atha, ndipo amafufuta mzerewo mu bajeti. Pamphambano ina imene inasinthidwa kale ndi anzathu ena ndinakwera n'kupeza galasi lofiira litakutidwa ndi fumbi losakanikirana ndi utsi wa dizilo, loumbika ngati chikhungu. Nditadutsitsa chala panatsala mzere wowala ngati ndayatsa getsi lina. Fumbi la chilimwe ndiye sinowo wathu, kungoti limamata mwezi ndi mwezi m'malo mwa ola limodzi.

Kodi ziwerengero za ngozi zikuti chiyani?

Pali kafukufuku muwiri wa ku America amene amatchulidwa kawirikawiri, ndipo akuoneka ngati akutsutsana. Woyamba anachitika ku Middletown, Ohio, ndi akatswiri a ku University of Dayton, n'kufalitsidwa mu 2010. Anayerekeza ngozi za pamphambano 8 asanaike LED ndi ataika, ndipo anapeza kuti zinakwera ndi pafupifupi 70 peresenti. Chiwerengero chimenechi chimadzidzimutsa, ndipo anthu osakonda LED amachinyamula ngati mbendera. Ine sindichidalira kwambiri. Mphambano 8 n'zochepa. Ngozi pamalo amodzi zimakwera ndi kutsika zokha chaka ndi chaka, ndipo sitolo yaikulu imodzi ikatsegulidwa pafupi kapena msewu wina ukatsekedwa, chithunzi chonse chimasintha popanda babu kulakwa kanthu.

Wachiwiri ndi wa ku Charlotte, North Carolina, wofalitsidwa mu 2013 ndi Federal Highway Administration, nthambi ya boma la America yoona za misewu, umene unayang'ana mphambano zoposa 250. Uwu sunapeze kukwera kotero. Pa mitundu yambiri ya ngozi kusintha kunali kochepa moti sikukanasiyanitsidwa ndi mwayi wamba, ndipo zotsatira zinkasiyana kwambiri mphambano ina ndi ina: pena zinthu zinakhalako bwino, pena ayi.

Mmene ine ndimawerengera, kusiyana kwa mphambano ndi mphambanoko ndi kumene kuli nkhani. Kusintha babu kokha si mankhwala a ngozi, komanso si chiphe. Pamalo pamene vuto linali dzuwa, LED imathandiza. Pamalo pamene vuto ndi liwiro, kapena nthawi ya getsi lachikasu ndi yaifupi, kapena okhota alibe muvi wawo, babu la mtundu uliwonse silisintha kanthu. Ndipo ngozi za mtundu wa ku Oswego n'zosowa kwambiri moti sizingaoneke m'ziwerengero za mzinda ngati Charlotte, kumene sinowo sagwa kawirikawiri.

Pamene LED imapulumutsadi anthu

Pali malo awiri amene ndingaikire umboni popanda kukayika. Oyamba ndi misewu yolunjika kum'mawa ndi kumadzulo. Dzuwa likakhala pansi, m'mawa kapena chakumadzulo, linkalowa m'mutu wa loboti yakale, kugunda mbale yonyezimira ija, n'kubwerera kudzera pagalasi lautoto. Magetsi onse atatu ankaoneka ngati akuyaka, ndipo dalaivala ankasankha limene walikonda. Chimbale cha LED chilibe mbale imeneyo, choncho chinyengo cha dzuwachi chimachepa kwambiri. Pamphambano yathu ina madandaulo a m'mawa anatheratu titangosintha.

Achiwiri ndi kuzima kwa magetsi, ndipo apa nkhaniyi ndi yathu kuposa ya anthu a ku Illinois. Tiyeni tiwerengere. Mphambano ya mitu 12, uliwonse ukuyatsa babu limodzi la mawati 135 nthawi iliyonse, ikudya mawati 1,620, osawerengera kontirola ndi magetsi a oyenda pansi. Batire limodzi la mavoti 12 ndi ma amp-hour 100 limasunga pafupifupi ma watt-hour 1,200, ndiye lingathe pasanakwane ola. Mitu yomweyo pa LED ya mawati 12 ikudya mawati 144. Batire lomwelo papepala lingakwane maola 8, ndipo ngakhale titadula theka kuti tisalikame mpaka kuuma, mabatire awiri kapena anayi amadutsitsa mphambano pa nthawi yonse ya kuzima kwa masana. Ndi LED imene inachititsa kuti mabatire ndi sola pa maloboti zikhale zotheka. Aliyense amene anayendetsapo galimoto mu Johannesburg pa nthawi ya load shedding, kapena mu Blantyre ndi Lilongwe miyezi ija siteshoni ya Kapichira itaonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, akudziwa mmene mphambano yakuda imakhalira: wamphamvu ndi wolimba mtima ndiye amadutsa, woyenda pansi n'kumathamanga pakati pa mabampala.

Koma walira mvula walira matope. Batire ndi sola zimakopa akuba kuposa babu, ndipo batire losayang'aniridwa limafa mwakachetechete ngati LED yomwe, n'kudzadziwika tsiku limene magetsi azima.

Pali kachinthu kenanso kakang'ono: LED yatsopano usiku imathobwa m'maso, makamaka lobiriwira pamsewu wopanda magetsi ena, moti munthu wowoloka kuseri kwake saoneka msanga. Makontirola ambiri amatha kuchepetsa kuwala usiku, koma chimbale chiyenera kukhala chovomera kuchepetsedwa, apo ayi chimaphethira kapena kuzimiratu.

Zimene tinasintha pa ntchito yathu

Mphambano zotsalazo tinazichita mosiyana ndi yoyamba ija. Pa pepala loitanitsira zipangizo tinalemba mtundu wa kontirola yathu ndi kufuna kuti wogulitsa abweretse chimbale chimodzi tichiyese kaye pa benchi chisanabwere chikatoni chonse: chizime kotheratu switchi ikazima, chivomere kuchepetsedwa kuwala, ndipo chikachotsedwa kontirola izindikire. Kumbuyo kwa chimbale chilichonse timalemba ndi penti mwezi ndi chaka chimene chaikidwa, kuti chidzachotsedwe pa msinkhu wake osadikira kuti chife.

Kuchokera ku Oswego tinatengako zinthu ziwiri. Choyamba, mbali iliyonse ikhale ndi mitu iwiri yosiyana malo ndi kapendekedwe, wina pafupi wina kutsidya, kuti chimene chatseka umodzi, kaya ndi lole yaitali, nthambi kapena dzuwa, chisatseke yonse. Chachiwiri ndi bolodi lakuda kumbuyo kwa mutu wa loboti, lozunguliridwa ndi tepi yachikasu ya lifulekita. Federal Highway Administration imaika bolodi lotere pa mndandanda wa njira zotsimikizika, ndipo imati limachepetsa ngozi ndi pafupifupi 15 peresenti. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti silifuna magetsi. Maloboti akafa usiku, nyali za galimoto zimagunda tepiyo ndipo dalaivala amaona bokosi lachikasu lili m'mwamba, n'kudziwa kuti apa pali mphambano, ndichepetse. Mwa zonse zimene tinagula, tepi imeneyi ndiyo inali yotchipa kwambiri.

Chimene chinavuta ndi ulendo wa pachaka. A zachuma ankati tinawalonjeza kuti LED ichepetsa ndalama zokonzera, nanga galimoto yokwezera amisiri ikufunikanso chiyani? Sindinawatsutse ndi ziwerengero. Ndinapita ku msonkhano ndi chimbale chofiira chija cha fumbi, nditapukuta theka lokha, n'kuchiyatsa patebulo pafupi ndi windo. Anatipatsa maulendo awiri pachaka, wina kumapeto kwa mvula, wina mu Seputembala fumbi litakula, ndipo pa ulendo uliwonse mmodzi wa ife amabwereranso usiku kukaima patali n'kuyang'ana mbali zonse zinayi ngati dalaivala.

Ulendo wa mu Seputembala wapitawu, pamphambano ya dalaivala wa minibasi uja, tinapeza mutu wa kutsidya utatembenukira pang'ono kumbali, mwina unakhudzidwa ndi katundu wa lole. Magetsi ake onse ankayaka, kontirola inalibe dandaulo lililonse, koma munthu woima pamzere woyamba ankangoona m'mbali mwa chipewa. LED imaponya kuwala kwake molunjika, ndiye kupotoka kochepa kumadya kuwala kochuluka. Tinauwongola ndi sipanala, mphindi khumi sizinakwane, n'kulemba m'buku kuti bawuti ya m'munsi isinthidwe ulendo wotsatira.